Makina otisankhira zoonera aziyesedwa kuno kwathu

Aliyense amene ali ndi foni ya intaneti kuno ku Salima akudziwa mmene zimakhalira. Ukatsegula TikTok, Facebook kapena YouTube suchita kufufuza, mavidiyo amangobwera okha motsatizana mpaka bandulo itatha. Pali makina amene amasankha zimenezo, ndipo kuseri kwa makinawo kuli mpikisano wa akatswiri umene watha zaka zoposa 30, wofuna kupeza njira yolosera molondola zimene munthu angakonde. Mpikisanowo umathera pa tebulo la manambala: njira iyi yaphonya ndi 0.95, iyo yaphonya ndi 0.86, ndiye kuti yachiwiriyo ndiyo yabwino. Ine ndikuti tebulo limenelo tisamaliikire mtima wonse, makamaka ife akuno. Silinama ayi. Koma anthu amene anayesedwapo ndi a kutali, moyo wawo ndi wina, ndipo muyeso wake sufunsa zimene ife tikanafuna kudziwa.

Kuti timvane, tiyambe taona mmene njirazi zimagwirira ntchito. Pa Kamuzu Road pali anyamata amene amakhala ndi kompyuta m'kashopu, n'kumaika nyimbo ndi mafilimu m'mamemori a anthu. Za ufulu wa oyimba pa malonda amenewa ndi nkhani yaikulu, koma ndi ya tsiku lina. Mayi amafika, kumasula memori pa nsonga ya chitenje, n'kunena kuti, "Achimwene, ndiikireni makaswida, idzaze." Mnyamata akuika, maso ali pa kompyuta, amayankha kuti, "Amayi, anzanu amene amatenga amenewa amatenganso awa a ku Mangochi. Ndikuikireni mukamvere?" Mnyamatayo sanakhale pansi kusanthula mawu kapena kaimbidwe ka nyimbozo. Akungokumbukira kuti anatenga ichi ndani, ndipo anatenganso chiyani. Nzeru imeneyi ikaikidwa m'kompyuta akatswiri amaitcha collaborative filtering. Dzinali linayamba kumveka mu 1992 ku Xerox PARC, malo a kafukufuku a ku California, pa pulogalamu yotchedwa Tapestry, ndipo mu 1994 gulu la GroupLens linaigwiritsa ntchito posankhira anthu nkhani zowerenga pa intaneti.

Njira zake zikuluzikulu zilipo zitatu. Yakale kwambiri imafufuza anthu amene zokonda zawo zikufanana ndi zanu, n'kukupatsani zimene iwo anakonda koma inu simunazione. Ina imasiya anthu n'kuyang'ana katundu: ndi zinthu ziti zimene zimatengedwa pamodzi kawirikawiri? Iyi ndi imene akatswiri a Amazon, kampani yogulitsa katundu pa intaneti, anaifotokoza poyera mu 2003, ija imati "amene anagula ichi anagulanso ichi", ndipo inawayanja chifukwa ubale wa katundu ndi katundu susintha msanga, choncho masamu ake amatha kuwerengeratu kasitomala asanafike. Yachitatu, matrix factorization, ndi yovutirapo kuiona m'maganizo. Munthu aliyense amapatsidwa kamzere ka manambala, kaya 20, kaya 50, filimu iliyonse nayo kamzere kake, ndipo manambalawo makina amawapeza okha poyang'ana mavoti akale. Manambala a munthu akagwirizana ndi a filimu, makina amati aikonda. Njirayi inatchuka kumapeto kwa 2006 pamene munthu wina wolemba ndi dzina loti Simon Funk anaika kachitidwe kake poyera. Pambuyo pake kunabwera njira za neural network, zotengera pang'ono mmene ubongo umagwirira ntchito, zimene zimadya makompyuta amphamvu ndi ndalama zambiri.

Nanga amaziyerekeza bwanji? Amatenga mavoti akale, pamene anthu anapatsa mafilimu nyenyezi kuyambira imodzi mpaka zisanu. Gawo lina amalibisa. Njira iliyonse imaphunzira pa zotsalazo, kenako imauzidwa kuti ilosere zobisidwa zija, ndipo amayeza kuti yaphonya motani. Apa ndi pamene pali nkhani, chifukwa kuphonya kumayezedwa mosiyanasiyana. Tiyerekeze mafilimu anayi. Njira yoyamba yaphonya ndi nyenyezi imodzi pa filimu iliyonse. Yachiwiri yalasa ndendende pa mafilimu atatu, koma pa yachinayi yaphonya ndi nyenyezi zitatu. Muyeso wotchedwa MAE umangotenga avereji ya kuphonyako: njira yoyamba ipeza 1, yachiwiri ipeza 0.75, ndipo poti nambala yaing'ono ndiyo yofunika, yachiwiri yapambana. Muyeso wina, RMSE, umayamba wachulukitsa kuphonya kulikonse ndi iko komwe, kuti kuphonya kwakukulu kulangidwe koopsa, kenako n'kutenga avereji ndi square root yake. Pamenepo njira yoyamba ikhalabe pa 1, yachiwiri ikwera kufika pa 1.5, ndipo yoyamba ndiyo yapambana. Anthu ndi omwewo, mafilimu ndi omwewo, zolosera n'zomwezo. Chasintha ndi muyeso wokha. Choncho munthu akakuuzani kuti njira yake ndiyo yolondola kuposa zonse, funso loyamba ndi lakuti anasankha muyesowo ndani, ndipo chifukwa chiyani.

Mpikisano wotchuka kwambiri pa nkhaniyi unayamba mu Okutobala 2006. Kampani ya Netflix, imene nthawi imeneyo inkabwereketsa ma DVD powatumiza pa positi, inalonjeza madola 1 miliyoni kwa aliyense amene angapose makina ake otchedwa Cinematch ndi 10 peresenti pa muyeso wa RMSE. Inatulutsa mavoti 100,480,507 amene anthu 480,189 anapereka pa mafilimu 17,770. Anthu amenewo ndi ochuluka ngati anthu onse a m'boma la Salima, amene kalembera wa 2018 anapeza kuti analipo oposa 478,000. Ngakhale mavoti anachuluka chotero, tebulo la anthu ndi mafilimu linali lopanda kanthu pafupifupi 99 peresenti, si nanga palibe munthu amene angaonere mafilimu onsewo. Magulu a m'mayiko ambiri analimbana nazo kwa zaka pafupifupi zitatu. Mu Seputembala 2009 mphoto inapita kwa gulu la BellKor's Pragmatic Chaos, limene linatsitsa RMSE kuchoka pa 0.9525 kufika pa 0.8567, kusintha kwa 10.06 peresenti. Gulu lina, The Ensemble, linapeza nambala yomweyo, koma linachedwa ndi mphindi 20 kupereka zotsatira zake.

Chimene anthu ambiri sachidziwa ndi chimene chinatsatira. Mu 2012 akatswiri a Netflix analemba okha kuti njira imene inapambana ija sanaiike m'makina awo. Phindu lake linali lochepa poyerekeza ndi ntchito yoimanga ndi kuiyendetsa. Zimene anatenga ndi njira ziwiri zokha, zochokera mu ntchito imene inatsogola mu 2007, yomwe inali yosakaniza njira 107. Komanso malonda awo anali atasintha: anthu anayamba kuonera mafilimu pa intaneti, ndipo chofunika chinakhala zimene munthu akuonera lero, nyenyezi zija zinachepa mphamvu. Mu 2017 Netflix inachotseratu nyenyezi zisanu n'kuika chala choloza m'mwamba kapena pansi. Taganizani: zaka zitatu za thukuta, madola 1 miliyoni, pofuna kuchepetsa kuphonya ndi kachigawo kosakwana gawo limodzi mwa magawo 10 a nyenyezi imodzi, eni ake n'kudzanena kuti funso lofunika linali lina. Ndipo kafukufuku anaonetsanso kuti munthu yemweyo ukamufunsa za filimu yomweyo patapita masabata, nthawi zina amapereka nyenyezi zosiyana. Pali malire amene makina sangadutse, chifukwa munthu amene akumuloserayo naye sakhazikika.

Mu 2010 akatswiri Paolo Cremonesi, Roberto Turrin ndi Yehuda Koren (Koren anali m'gulu lopambana lija) anafunsa funso loyandikira moyo weniweni. Munthu saona nambala ya RMSE. Amaona mndandanda wa zinthu 10 pa sikirini. Kodi m'zinthu 10 zimenezo muli chimene angachikondedi? Atayeza motero anapeza kuti njira zopambana pa RMSE sizinali nthawi zonse zopambana pa mndandanda, ndiponso kuti kungoonetsa aliyense mafilimu otchuka kwambiri, osasamala kuti munthuyo ndani, kunkapikisana bwino ndi njira zina zapamwamba. Chifukwa chake n'chosabisika. Pa mavoti a Netflix aja, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu linali la mafilimu 302 okha, amene ndi 1.7 peresenti ya mafilimu onse. Ukamaloza zotchuka, sungaphonye kawirikawiri. Kenako mu 2019 Maurizio Ferrari Dacrema, Cremonesi yemweyo ndi Dietmar Jannach anatenga njira 18 zatsopano za neural network zimene zinalengezedwa pa misonkhano ikuluikulu ya akatswiri. Zimene anatha kuzibwereza n'kuziyesa bwinobwino zinali 7 zokha, ndipo mwa 7 zimenezo, 6 kawirikawiri zinkagonja kwa njira zakale zosavuta, bola njira zakalezo zikonzedwe mosamala. Vuto linali lakuti olemba ambiri ankasamalira kwambiri njira yawo yatsopano, koma yakale yoyerekezera ankangoiika mwachisawawa.

Zonsezi zinachitika pa deta ya kwawo komweko. Tsopano tibwere kunyanja kuno.

Wophunzira wa kompyuta ku MUBAS, ku MUST, ku Mzuni kapena ku UNIMA akafuna kuyerekeza njirazi, deta imene ili pafupi ndi ya MovieLens, yochokera ku yunivesite ya Minnesota. Yaing'ono yotchuka ili ndi mavoti 100,000 a anthu 943 pa mafilimu 1,682, ndipo munthu aliyense mmenemo anavotera mafilimu osachepera 20. Ndi deta yabwino kuphunzirirapo, ndipo sindikunyoza amene amaigwiritsa ntchito. Koma taonani zimene ikuganiza za munthu. Ikuti dzina limodzi ndi munthu mmodzi. Ikuti munthuyo ali ndi nthawi yokhala pansi n'kumapereka nyenyezi. Ikuti zimene anaonera anachita kusankha, ndipo zimene anasiya anazisiya mwa kufuna kwake. Pa zitatu zonsezi, palibe ngakhale chimodzi chimene chili choona pa nyumba zambiri za ku Senga Bay.

Foni m'nyumba zambiri ndi imodzi. Bambo akabwera kunyanja m'mawa, atachezera usiku wonse kupha usipa, amaitenga kuti aone zigoli za mpira wa ku England asanagone. Masana ili ndi mayi, amene akuyang'ana masitayelo a zitenje oti akaonetse telala, kapena kumvera ulaliki akuyanika nsomba pa thandala. Ana akaweruka ku sukulu ndi makatuni. Madzulo mlamu wabwera kudzabwereka kuti aone filimu ya nkhondo yomasuliridwa m'Chichewa. Makina amaona munthu mmodzi wokonda zonsezi, ndipo amamufufuzira anzake ofanana naye. Munthu woteroyo kulibe. Njira yofananitsa anthu imasokonezeka kwambiri pamenepa, ndipo matrix factorization imapereka kamzere kamodzi ka manambala kwa anthu asanu, kosaimira aliyense wa iwo. Yofananitsa katundu ingapirireko, chifukwa itha kungoyang'ana chimene chatsegulidwa panopa n'kupereka chofanana nacho. Ndiye kuti dongosolo la opambana likhoza kutembenuka kuno, koma tebulo la MovieLens silingakuuzeni zimenezo.

Nyenyezi nazo kuno sitipereka. Makina amasiku ano amadalira zimene timachita: tatsegula chiyani, taonera nthawi yaitali bwanji, tadumpha pati. YouTube inayamba kuika patsogolo nthawi yoonera mu 2012. Kwa munthu amene intaneti yake siduka, kusiya vidiyo pakati kungatanthauzedi kuti yamutopetsa. Kwathu kuno vidiyo imaima chifukwa bandulo yatha, batire lafa magetsi atazima, kapena minibasi yalowa pamalo pamene netiweki sigwira mumsewu wa M5. Munthu amadumpha vidiyo yaitali imene amaifunitsitsa poopa kuti imudyera mamegabaiti, n'kuonera tifupitifupi khumi timene sanatifune kwenikweni. Nthawi zina foni imasiyidwa pa mkeka ikusewera yokha pamene mayi akuvundula nsima, makina n'kulemba kuti mavidiyo asanu aonedwa mpaka kumapeto. Umphawi wa bandulo umalowa m'deta ngati kuti ndi zokonda za munthu. Njira imene ilosere deta yotereyi molondola kuposa zinzake ndi imene yaphunzira bwino kuchepa kwa ndalama zathu, ndipo ipitiriza kutipatsa tifupitifupi tomwe tija.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi cha oyimba ndi opanga zinthu akwathu. Nyimbo zambiri kuno zimayenda pa memori, pa Bluetooth, pa Xender ndi pa WhatsApp. Nyimbo itha kuvinidwa pa ukwati uliwonse kuyambira ku Chipoka mpaka ku Dwangwa, koma m'makina a kampani za kunja osaoneka n'komwe. Collaborative filtering siingathe kuloza chinthu chopanda mbiri. Gulu la malipenga la ku Nkhotakota likaika vidiyo yake lero, palibe amene waionera, choncho palibe woifananitsa naye, choncho makina saionetsa, choncho palibe amene aionere. Akatswiri vutoli amalitcha cold start ndipo amalidziwa bwino, moti makampani akuluakulu amaphatikiza njira zina pofuna kulichepetsa. Koma chimene chiyenera kumveka ndi chakuti mayeso a RMSE salanga vuto limeneli mpang'ono pomwe. Gawo lobisidwa lija limachokera pa zinthu zimene anthu anaona kale. Chimene sichinaonetsedwe kwa aliyense sichingawerengedwe kuti chaphonyedwa. Njira itha kukhala yoyamba pa tebulo isanaonetsepo munthu wa ku Salima chinthu chimodzi cha ku Salima. Mnyamata wa pa Kamuzu Road uja ali ndi mwayi umene makinawo alibe, chifukwa atha kunena kuti, "Iyi ndi ya mnyamata wakwathu konkuno, yangotuluka kumene, tamverani," nyimbo n'kuyamba ulendo wake tsiku lomwelo.

Palinso nkhani ya nyengo. Oyesa ambiri amasankha zobisa mwachisawawa, osayang'ana tsiku, moti makina amaphunzira pa za Ogasiti n'kumalosera za Malichi wa chaka chomwecho. Moyo suyenda chobwerera chotero. Kuno makaswida amafunidwa kwambiri m'mwezi wa Ramadan, makwaya pa Khirisimasi, ndipo zimene banja limagula mu Julayi litagulitsa mpunga si zimene lingagule mu Febuluwale nkhokwe zitauma. Mayeso achilungamo ndi ophunzitsa makina pa miyezi yapita n'kuwayesa pa mwezi wotsatira.

Wina anganene kuti ndikukuza nkhani ya nyimbo chabe, yosakoma umangodumpha basi. Zikanathera pa nyimbo sindikanadandaula kwambiri. Koma nzeru yomweyi ndi yosavuta kuisamutsira ku malonda a zipangizo zaulimi, ku ngongole za pa foni, ndi ku mauthenga a ulangizi. Tiyerekeze pulogalamu youza mlimi kuti "alimi onga inu anagula mbewu iyi". Mlimi wa mpunga wa Kilombero ku sikimu ya Lifuwu ndi mlimi wa thonje ndi mtedza kumtunda kwa Khombedza atha kuoneka ofanana m'makina chifukwa onse anagula feteleza wofanana m'shopu imodzi. Collaborative filtering sidziwa dothi, sidziwa dambo, sidziwa kuti mvula ya chaka chino yayamba mochedwa. Imadziwa zogula zokha. Ndipo ngati alimi ambiri anagula mbewu inayake chifukwa ndi yokhayo imene inalipo pa shelefu, makina aphunzira kuti ndiyo yokondedwa, aziiloza kwa aliyense, anthu azigula, ndipo lipoti lidzaonetsa kuti makinawo akulosera molondola zedi. Kulondola kumeneko kukuwerenga kuti mlimi wagula. Za zimene wakolola sikunena kanthu. Pa zinthu ngati zimenezi mlangizi wodziwa dera ayenera kukhala patsogolo, makina azingomuthandiza.

Sindikunena kuti manambala tiwataye. Popanda muyeso, aliyense wobwera ndi laputopu angatiuze chilichonse, ife n'kumangovomera. Mpikisano wa Netflix unakankhiradi maphunzirowa patsogolo, ndipo n'zoona kuti pa deta yaikulu ya nyenyezi matrix factorization imaphonya pang'ono kuposa njira zakale zofananitsa. Mayeso a pa deta yakale ndi otchipa, amatha m'maola ochepa, ndipo amathandiza kuchotsa njira zosagwira n'komwe zisanafike kwa anthu. Chimene ndikukana ndi kuima pamenepo n'kulengeza wopambana. Makampani akuluakulu eni ake saima pamenepo. Amagawa makasitomala m'magulu awiri, gulu lina kulipatsa njira yakale, lina yatsopano, n'kuona zimene zichitike. Ngati iwo, amene deta ndi ya anthu awo omwe, sakhutira ndi tebulo, ife amene deta ndi ya eni tingakhutire bwanji?

Ndikudziwa yankho lake: kuyesa pa anthu enieni kumafuna anthu ambiri, nthawi ndi ndalama, zimene kopaletivi ya alimi kapena kabizinesi ka pa intaneti ka pa boma pano kalibe. N'zoona kuti ndi makasitomala ochepa simungaone kusiyana kwa 1 peresenti. Koma kusiyana kwakung'ono choncho sikumene kukutivuta ife. Chimene tikufuna kudziwa ndi chachikulu: kodi makinawa akuposa mndandanda wamba wa zinthu zimene zikugulidwa kwambiri m'dera lino mwezi uno? Funso limenelo mutha kuliyankha ndi anthu mazana angapo ndi mwezi umodzi kapena iwiri. Ndipo kuchepa kwathu kuli ndi ubwino umene Netflix ilibe: mutha kukwera kabaza n'kukawafunsa anthuwo pamaso. "Amayi, uthenga uja munaulandira? Unakuthandizani? Kodi foni inali ndi inu tsiku limenelo?" Yankho la funso lomalizali lokha lingasinthe mmene mukuwerengera zotsatira zonse.

Choncho kwa wapampando wa kopaletivi, mwini golosale kapena mkulu wa wailesi ya m'dera amene wina angamubweretsere makina otere, ndikuti musachite manyazi kufunsa. Anayesedwa pa anthu a kuti? Ngati yankho ndi MovieLens, ndiye kuti kuyesa kwenikweni sikunayambe. Funsani kuti anawayerekeza ndi njira yosavuta iti, ndipo njira yosavutayo anaikonza ndi mtima wonse kapena anangoiika kuti igonje. Funsaninso kuti pa katundu yense amene muli naye, ndi zinthu zingati zimene makinawo anaonetsapo munthu ngakhale kamodzi, chifukwa makina oloza shuga, sopo ndi mafuta ophikira kwa aliyense adzaoneka olondola tsiku lililonse popanda kukugulitsirani kanthu kena katsopano. Kwa bizinesi ya makasitomala zikwi zochepa, njira yofananitsa katundu imayenda pa laputopu wamba, ndipo ili ndi ubwino wina waukulu: imatha kufotokoza chifukwa chake. "Takuonetsani ichi chifukwa munagula icho." Kasitomala akamva chifukwacho atha kutsutsa kuti anagula ndi mwana wake, osati iye. Kamzere ka manambala 50 obisika simungatsutsane nako chotero.

Kwa achinyamata athu amene akuphunzira zimenezi, ntchito imene ikusowa si tebulo linanso la RMSE pa mafilimu a ku America. Matebulo amenewo alipo kale ochuluka. Chimene kulibe ndi kafukufuku wa mmene njirazi zimachitira pamene akaunti imodzi ili ndi anthu asanu, pamene theka la kudumpha ndi la bandulo, pamene zokonda zikusintha ndi dzinja ndi masika. Amene angayeze zimenezo mosamala, ngakhale pa deta yaing'ono ya shopu imodzi, adzakhala atanena chinthu chimene ku Minnesota sangachinene, ndipo chidzathandiza mayiko ambiri amene moyo wawo ukufanana ndi wathu.

Koma kusonkhanitsa deta yathu kuli ndi ngozi yake, ndipo ndiyenera kuinena poti ndine ndikulimbikitsa zimenezi. Netflix itatulutsa mavoti aja inali itachotsa mayina. Arvind Narayanan ndi Vitaly Shmatikov a ku yunivesite ya Texas ku Austin anaonetsa kuti poyerekeza mavotiwo ndi zimene anthu analemba poyera pa IMDb, tsamba la pa intaneti la za mafilimu, ena ankatha kudziwika. Nkhani inafika kukhoti, ndipo mu 2010 Netflix inaimitsa mpikisano wachiwiri umene inkakonza. Ngati munthu anatha kudziwika pakati pa anthu 480,189 omwazikana m'dziko lalikulu, kuli bwanji pa mudzi wa m'mbali mwa nyanja pamene aliyense akudziwa amene anagula ukonde watsopano sabata yatha? Zimene munthu amagula ndi kuonera zimaulula chipembedzo chake, matenda ake, ngongole zake, ngakhale za m'banja mwake. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza deta ya anthu la 2024, limene bungwe la MACRA likuyang'anira, ndipo aliyense wofuna kuyesa makina ake pa anthu a ku Salima ndi Nkhotakota ayambire pamenepo. Atenge zokhazo zimene mayesowo akufuna, azisunge pobisika, ndipo asazipereke kwa wina aliyense pongodalira kuti mayina achotsedwa. Kalata yopempha chilolezo ilembedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndipo amene sadziwa kuwerenga awerengeredwe yonse asanadinde chala.